Mukapita ku PIM, yambirani pa bwinja

Ine ndine mmisiri womanga, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Ana atandivuta kuti akufuna akaone kwawo kwa John Chilembwe wa pa K2000 uja, ndinawatenga kupita ku mishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission). Nanu ngati mukufuna, chitani chonchi.

Lawirirani. Kwerani minibasi ya ku Limbe, mukatsika mufunse zopita cha ku Nguludi, munene kuti mukufuna ku PIM, ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Mukafika musathamangire kujambula. Anthu amapempherapobe pamalopo. Pezani kaye abusa kapena akuluakulu a mpingo, mupereke moni, munene chimene mwadzera. Amayi, chitenje chisatsale.

Kenako pemphani akulozereni pamene panali tchalitchi choyamba, musanalowe m'chimene chilipo lero. John Chilembwe anatsegula mishoniyi mu 1900 atabwerako ku America, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda akumeneko. Tchalitchi chake cha njerwa zootcha chinatha mu 1913. Taganizani kuumba njerwa zonsezo ndi manja, madzi kusenza pamutu, popanda wilibala ya makono kapena galimoto yotuta mchenga. Koma sichinathe zaka zitatu. Chilembwe ataukira boma la atsamunda pa 23 January 1915, asilikali anachiphulitsa. Likulu la boma limenelo linali kuno ku Zomba, ndiye ine poimapo mawu anandithera pang'ono.

Tsopano pitani ku tchalitchi cha New Jerusalem, chomangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoni mu 1926. Apa ndiye musafulumire. Imani pakhomo, muyese kunenepa kwa khoma ndi chikhatho, mufanizire ndi la nyumba yanu. Kwezani maso pamwamba pa khomo ndi mazenera, muone mmene njerwa zakhotera. Ife masiku ano timangothira lintala ya simenti ndi zitsulo, basi tapita. Akale ankayala njerwa pa thabwa lokhota, akaika yapakati n'kuchotsa thabwalo, njerwa n'kumakankhana zokha. Kulakwitsa imodzi, zonse pansi. Sunzumiraninso mizere ya njerwa chammbali, diso limodzi mutatsinzina, muone ngati chingwe chinkawongoka.

Chomaliza, musatole kanthu pa bwinja paja. Mwana wanga wamng'ono anali ataika kale kachidutswa ka njerwa m'thumba la kabudula, akuti akaonetse anzake kusukulu. Ndinamubweza, anakakasiya pomwe anakapeza.