Mmene mungayesere maimelo awiri kuti mudziwe yomwe ikubweretsa maoda

Ine ndimagula kachewere, kabichi ndi karoti kwa alimi aku Tsangano ndi pa Lizulu nkumaperekera kumalesitilanti, kumaloji ndi kumasukulu ogonera konko ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Makasitomala ambiri amenewa ndi maofesi, ndiye WhatsApp yokha siikwana, abasala amafuna imelo yoti asindikize aike mufayilo. Sabata iliyonse ndimatumiza imelo ya mitengo, koma kwa nthawi yaitali ndinkangolemba mmene zandibwerera mmutu, sabata ina mayankho ambiri sabata ina zii, osadziwa kuti chasintha nchani. Chomwe chinandithandiza ndi zomwe amati A/B test, kutanthauza kulemba imelo imodzimodzi mwa mitundu iwiri, theka la anthu alandire A theka linalo alandire B, kenako nkuwerenga kuti yabweretsa anthu ambiri ndi iti.

Poyamba penipeni sankhani chinthu chimodzi chokha choti musinthe, chimodzi basi. Ulendo wanga woyamba ndinasintha mutu wa imelo, ndinaikanso chithunzi cha matumba ali pa lole, komanso B ndinaitumiza madzulo pomwe A inapita mmawa. B inachita bwino ndithu koma chinaithandiza ndi chiti pa zitatuzo, mutu, chithunzi kapena nthawi? Sabata yonse inapita pachabe. Zili ngati mlimi amene wasintha mbewu, feteleza ndi tsiku lobzala pamunda umodzi, akakolola zambiri sanganene kuti chathandiza ndi ichi.

Ndingakulangizeni kuti muyambe ndi mutu, chifukwa munthu akayang'ana pafoni amaona dzina la wotumiza ndi mawu ochepa oyamba a mutuwo, ena onse amadukira kumapeto. Mwachitsanzo A ikhale "Mitengo ya sabata ino", B ikhale "Kachewere wa Tsangano wafika, tibweretsa Lachinayi". Mkati mwa imelo zonse zifanane mpaka kadontho. Mukathana ndi mutu mutha kuyesa dzina la wotumiza, kaya dzina lanu kapena la bizinesi, kenako tsiku ndi ola, kenako chilankhulo, pakuti pali ashefu ena amene amayankha msanga mukawalembera Chichewa pomwe akuakaunti amafuna Chingelezi. Koma chilichonse chikhale ndi sabata yakeyake.

Kugawa anthu ndiye pomwe ambiri amalakwitsa osazindikira. Musati aku Lilongwe alandire A aku Blantyre alandire B, ayi, pamenepo mwayesa mizinda osati imelo. Musagawenso potsata mmene munawalembera mu listi, chifukwa apamwambawo amakhala makasitomala akale omwe amagula ngakhale mutalemba zotani. Tsegulani listi yanu mu Google Sheets kapena Excel, pambali pa imelo iliyonse lembani =RAND() nkukokera pansi, aliyense apeza nambala yake yamwayi. Kopani manambalawo nkuwamata ngati ma values okha, kutanthauza manambala enieniwo popanda =RAND() ija, kuti asamasinthesinthe, kenako sanjani listi yonse potengera manambalawo. Theka la pamwamba ndi A, la pansi ndi B. Mukamayesa chinthu china bwerezaninso kugawaku.

Ngati mumagwiritsa ntchito mapulogalamu otumizira maimelo kwa anthu ambiri nthawi imodzi monga Mailchimp kapena Brevo, yomwe kale inkatchedwa Sendinblue, ali ndi poyesera pawo pomwe amagawa okha, kungoti zimenezi zimakhala mumapulani olipira. Palibe vuto, mutha kukonza maimelo awiriwo pamanja, iliyonse ndi gulu lake, nkuwatumiza mphindi imodzimodzi. Brevo yaulere imalola maimelo 300 patsiku, Gmail wamba imakuimitsani mukafika pa 500 patsiku. Mukatumiza ndi Gmail ikani maadiresi pa Bcc chonde, kasitomala asaone maimelo a anzake. Ndipo tumizirani okhawo amene anavomera kuti muziwalembera, amene wanena kuti mundichotse mumchotse tsiku lomwelo, chifukwa anthu akamakudindani kuti ndinu sipamu maimelo anu onse amayamba kugwera kufoda ya sipamu, ngakhale opita kwa amene amakukondani.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetse bwino, muwerenga chani? Mapulogalamu aja amaonetsa nambala ya anthu amene atsegula imelo, ndipo nambalayi imasangalatsa kuiona, koma siyodalirika. Amawerenga pogwiritsa ntchito kachithunzi kakang'ono kosaoneka komwe kamabisika mu imelo, kakatsitsidwa amati munthu watsegula. Amene anatseka zithunzi posunga bandulo atha kuwerenga imelo yonse osawerengedwa. Kumbali inayi, kuyambira mu September 2021 Apple inabweretsa Mail Privacy Protection, yomwe imatsitsiratu zithunzizo yokha, ndiye wa iPhone amene amawerengera maimelo pa pulogalamu ya Mail ya Apple amaoneka ngati watsegula pomwe mwina imeloyo sanaione nkomwe. Mabwana amaloji ambiri ndi omwewo ama iPhone. Ndiye ine ndimawerenga amene ayankha ndi amene aika oda, chifukwa alimi aja amafuna ndalama yawo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndalamayo imachokera ku oda.

Vuto ndi lakuti anthu athu akawerenga imelo ambiri sayankha pa imelo pomwepo, amathamangira pa WhatsApp kapena kuimba, ndiye mudziwa bwanji kuti uyu ndi wa A kapena B? Njira yoyamba ndi kungoyang'ana dzina lake mu sheet muja nkuchonga. Yachiwiri yomwe ndimaikonda ndi linki ya WhatsApp yokhala ndi mawu olembedwa kale. Mumalemba wa.me/ kenako nambala yanu kuyambira ndi 265, popanda + komanso popanda 0 woyamba uja, kenako ?text= ndi mawu amene mukufuna. Mu A mawuwo akhale OdaA, mu B akhale OdaB. Munthu akadina linkiyo WhatsApp imatseguka mawuwo ali kale mbokosi lolembera, iye amangowonjezera kuti matumba angati. Madzulo mukalemba OdaA posakira pa WhatsApp onse amatuluka, mumangowerenga.

Musapupulume kugamula. Dikirani masiku awiri athunthu. Wina amawerenga imelo akafika kuofesi, wina magetsi anazima kompyuta siinayake, wina anali paulendo, ndipo kusukulu oda imadikira kuti ahedi asayine kaye. Mukayang'ana patangopita maola atatu mumaona anthu othamanga okhaokha.

Manambala nawo amafuna kudekha. Mailchimp imalangiza kuti gulu lililonse likhale ndi anthu 5,000, ife kuno ndani ali ndi listi yotero? Tiyerekeze kuti muli ndi anthu 400, gulu lililonse 200. A yabweretsa mayankho 12, B yabweretsa 15. Musanene kuti B yapambana, anthu atatuwo mwina ndi amene kachewere anawathera dzulo, akanayankha ngakhale mutu ukanakhala wotani. Koma ikakhala 8 kwa 24, pamenepo pali nkhani. Zikayandikana bwerezani mayeso omwewo masabata atatu kapena anayi, mukugawa anthu mwatsopano ulendo uliwonse, nkuphatikiza zotsatira zonse. Zikafananabe ndiye kuti chinthucho makasitomala anu alibe nacho ntchito, chisiyeni muyese china.

Samalaninso ndi nyengo. Sabata ya malipiro kumapeto a mwezi, sabata yotsegulira sukulu ndi nthawi ya Khirisimasi maoda amakwera okha, ndiye musafanizire imelo ya sabata ino ndi ya sabata yatha nkumati ndayesa. A ndi B zizipita limodzi tsiku limodzi, pokhapokha ngati chomwe mukuyesacho ndi nthawi yotumizira.

Zonse muzilemba pa tsamba limodzi mu sheet momwemo: deti, chomwe munasintha, mawu enieni a A ndi B, anthu angati gulu lililonse, mayankho, maoda ndi matumba. Yomwe yapambana ndiyo imakhala A wa ulendo wotsatira, nkuipikisanitsa ndi ganizo latsopano. Ine Lolemba likubwerali ndikuyesa kuika mtengo wa thumba mumutu momwemo, A wopanda mtengo, B wokhala ndi mtengo, zonse zipita 7 koloko mmawa ndisananyamuke kupita pa Lizulu.