Bandulo isamathe inu muli mtulo

Mafoni a masiku ano amachita zinthu osafunsa mwini wake. Mwagula bandulo madzulo, m'mawa yatha inu osakhudza n'komwe. Aja akale a mabatani analibe khalidwe limeneli.

Chimodzi mwa zodya bandulo kwambiri ndi magulu a pa WhatsApp. La kumpingo, la banki m'khonde, la anansi a ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa ku Mzuzu, aliyense kuponya mavidiyo a ukwati, foni n'kumangotsitsa yokha. Mu WhatsApp momwemo lowani pa Settings, kenako Storage and data. Pamene alemba Media auto-download, pa mbali ya mobile data, chotsani chizindikiro pa zonse. Mukatero vidiyo imadikira kuti muidine nokha, ndipo imayamba yakuonetsani kukula kwake. Foni nayonso sidzaza msanga.

Ambiri amaiwala Play Store, komwe mafoni a Android amatsitsako mapulogalamu. Mu Play Store momwemo pitani pa Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe Wi-Fi yokha. Kupanda kutero, mapulogalamu omwe mwina simunawatsegulepo chaka chino amadzikonza okha ndi ndalama zanu za kabaza.

Pa Facebook zimitsani Autoplay, yomwe imachititsa kuti mavidiyo aziyamba okha kusewera. Pogona, data izikhala yozimitsa; wofuna inu usiku aimba.