Kompyuta ya Linux ikumaima poyaka chifukwa cha foda ya pa seva: momwe mungakonzere

Mukayatsa kompyuta ya Ubuntu kapena Debian n'kuona uthenga woti "A start job is running for /mnt/ofesi" ukuwerenga masekondi mpaka 90, musathamangire kukayikira hard disk. Nthawi zambiri gwero lake ndi mzere wa mu /etc/fstab (fayilo yolemba madisiki ndi mafoda oti alumikizidwe poyaka) umene ukulamula makinawo kulumikiza foda ya pa seva, kudzera pa NFS kapena SMB (njira ziwiri zogawanirana mafoda pa netiweki), seva isanayambe kuyankha. Zimakonda kuchitika magetsi akangobwera, chifukwa makompyuta a m'maofesi amayaka msanga pamene NAS, seva yosungira mafayilo, ikadali kudzikoka. Pa laputopu, Wi-Fi ina imagwira pokhapokha mwini wake atalowa ndi pasiwedi, choncho poyaka njira yopita ku seva kulibe.

Yambani mwatsimikiza. Lembani `systemd-analyze blame` kuti muone chimene chadya nthawi yambiri, kenako `journalctl -b -u mnt-ofesi.mount` kuti muwerenge chifukwa chake. Yesaninso ngati seva ikufikika ndi `nc -zv 192.168.1.10 2049` pa NFS, kapena poti 445 pa SMB, mutaika IP ya seva yanu m'malo mwa 192.168.1.10. Ngati IP ikuyankha koma dzina la seva ayi, vuto lili pa DNS, imene imasandutsa dzina la seva kukhala IP. Ikani IP mu fstab.

Mankhwala enieni ndi kusiya kulumikiza fodayo poyaka, kuti izilumikizidwa munthu akaitsegula koyamba. Koperani kaye fstab yakale ndi `sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.bak`, kenako sinthani mzerewo ukhale chonchi:

`192.168.1.10:/data /mnt/ofesi nfs nofail,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=15,x-systemd.idle-timeout=600 0 0`

Mawu a nofail amauza makina kuti asadikire fodayo poyaka. Automount ndiye amayembekezera kuti wina agogode, mount-timeout amadula kuyesa pakatha masekondi 15, ndipo idle-timeout amamasula foda ikakhala mphindi 10 osagwiritsidwa ntchito. Ambiri amangowonjezera _netdev n'kumaganiza kuti atha, koma systemd, pulogalamu yoyambitsa zinthu kompyuta ikamayaka, imadziwa kale kuti nfs ndi cifs (dzina la SMB mu fstab) ndi za pa netiweki. Mawu a _netdev amafunika pa zinthu ngati iSCSI, disiki ya pa netiweki yooneka ngati ya m'kompyuta momwemo. Pa SMB, sungani dzina ndi pasiwedi mu fayilo yapadera ya chmod 600 (yoti mwini wake yekha aziiwerenga ndi kuilemba), n'kuitchula ndi credentials=.

Mukasunga, yendetsani `sudo umount /mnt/ofesi`, `sudo systemctl daemon-reload` ndi `sudo systemctl start mnt-ofesi.automount`. Poyesa, zulani waya wa netiweki n'kuyatsanso kompyuta. Iyenera kufika polowera osazengereza.

Pali kuima kwina kumene automount sathetsa: seva ikazima foda ili yolumikizidwa kale, `df` ndi `ls` zimangoti zii, ndipo ngakhale `kill -9` nthawi zina imalephera kuziimitsa. Izi n'chifukwa choti NFS imabwera ili pa hard, kutanthauza kuti imayesabe mpaka seva ibwere. Mungawonjezere soft,timeo=50,retrans=2 pa mzere wa mu fstab kuti izisiya kuyesa, pokumbukira kuti timeo imawerenga magawo khumi a sekondi, choncho 50 ndi masekondi 5. Koma chenjerani: soft ikhoza kuwononga fayilo imene imalembedwa pamene seva inazima. Igwiritseni ntchito pa foda zongowerenga basi. Pa foda ya maakaunti kapena database siyani hard, mugule UPS ya seva ndi switch. Ikaima kale, `sudo umount -l /mnt/ofesi` imachotsa fodayo kuti mapulogalamu ena asakodwenso.