Momwe mungamangire dishi ya mota panyumba panu ku Lilongwe

Madishi omwe tawazolowera ku Area 25, ku Kawale kapena ku Biwi amayang'ana malo amodzi basi. Mmisiri akapeza sigino n'kumanga mabawuti, nkhani yatha. Dishi ya mota imatembenuka yokha: mukasintha tchanelo pa rimoti, mota imaichotsa pa satelayiti ina n'kuipititsa pa ina. Zimatheka chifukwa masatelayiti a kanemawa anandandalika pamzere umodzi pamwamba pa equator, makilomita 35,786 kuchoka pansi. Ife kuno tili pa madigiri 14 kumwera kwa equator, ndiye mzerewo timauona kumpoto, utapindika ngati uta kuchokera kummawa kukafika kumadzulo. Ntchito yanu ndi yoti dishi iziyenda motsata uta umenewu.

Musanagule chilichonse, dziwani kuti dikoda ya kampani yolipira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri siyendetsa mota. Mukufunika risiva ya free-to-air (ya matchanelo aulere) yomwe pabokosi pake palembedwa DiSEqC 1.2 ndi USALS, njira zomwe risiva imalamulira mota. Dziwaninso kuti mota sitsegula matchanelo okiyidwa. Imangokufikitsani pa masatelayiti ambiri komwe kuli aulere. Zina zofunika ndi dishi ya masentimita 90 kapena kuposerapo pang'ono, LNB (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira sigino) ya universal, waya wa dishi wa RG6, ma F-connector (timitu tomangira kumapeto kwa waya), levulo, masipanala ndi tepi. Pa mota yang'anani kuti manambala a latitude (madigiri ochokera pa equator aja) akufika pa 14, komanso kuti ikhoza kunyamula dishi ya kukula kwake.

Choyamba: malo

Imani pomwe mukufuna kumanga, yang'anani kumpoto, tambasulani manja. Kuchokera dzanja lamanja kufika lamanzere, kumwamba kukhale koyera. Satelayiti ya Eutelsat ya pa 36°E (nambala yosonyeza malo ake pa uta uja), yomwe DStv imagwiritsa ntchito kuno, ili pafupifupi pamutu penipeni, madigiri 73 kuchoka pansi. Intelsat 20 ya pa 68.5°E, komwe kuli matchanelo ambiri aulere makamaka amapemphero, ili cha kummawa pa madigiri 47. SES-5 ya pa 5°E ili cha kumadzulo pa madigiri 53. Ndiye adani ndi awiri. Mtengo wa mango wa neba umatseka za m'mbali, ndipo kumbukirani kuti chaka chamawa ukhala utakula. Malata otuluka kunja kwa khoma amatseka za pamwamba. Dishi yomwe yabisala pansi pa denga idzakupatsani 68.5°E koma ikafika pakati sigino idzazima.

Dishi iyeneranso kukhala ndi mpata wotembenukira osagunda khoma. Ngati ndi nyumba ya lendi, yambani mwawauza alandilodi musanaboole paliponse.

Chachiwiri: paipi, ndipo apa musafulumire

Pa dishi wamba, paipi ikapendekeka pang'ono mmisiri amangokonzera pa dishipo. Pa ya mota sizitheka. Paipi ikapendekeka ngakhale digiri imodzi, mudzagwira satelayiti imodzi bwinobwino, zinazo n'kumaziphonya, ndipo mudzakhala masabata mukunena mota kuti ndi yakufa pomwe vuto lili pachitsulo.

Ine ndimakonda paipi yozika pansi kuposa ya pakhoma. Nyumba zambiri mumzinda muno njerwa zake ndi zofewa, zina zinamangidwa ndi dothi n'kungopaka pulasitala pamwamba. Rawl bolt, bawuti yomangira pakhoma, imaoneka ngati yagwira tsiku loyamba, koma kavuluvulu wa mu Okutobala akaigwedeza kangapo imayamba kusewera. Ngati khoma lanu ndi la mabuloko a simenti kapena pali bimu ya konkiliti, mangani pamenepo ndi bulaketi yokhala ndi miyendo yochirikiza. Pa thabwa la fascia, la m'mphepete mwa denga, ayi.

Yozika pansi ichitike motere. Gulani paipi yokhuthala ya mamilimita 50 kapena 60. Ku Malangalanga mudzaipeza. Wowotcherera akuikireni kachitsulo kopingasa kumunsi kwake kuti isamazungulire m'konkiliti. Kumbani dzenje lakuya masentimita 60 kapena kuposa, imikani paipi, thirani konkiliti. Isanaume, ikani levulo mbali ya kumpoto, kenako mbali ya kummawa, mubwerezenso. Kathovu kakhale pakati mbali zonse ziwiri. Ichirikizeni ndi mitengo, muzithirira madzi, mudikire masiku asanu kapena sabata. Ana akakhala ochita katungwe pa chilichonse, auzeniretu.

Chachitatu: mota ndi dishi

Izi chitirani pansi, pamthunzi, osati pa makwerero. Onetsetsani kuti mota ili pa 0. Pambali pa bulaketi yake pali manambala: mbali yolembedwa latitude ikani pa 14, ndipo ngati palembedwa elevation ikani pa 76. Mangani zolimba, apa simudzagwiraponso pokhapokha posaka sigino pakavuta.

Kenako mangirirani dishi pa mkono wa mota, pakati pa dishi palunjike ndendende ndi mzere wa pakati pa mkonowo. Kupendekeka kwa dishi yeniyeniyo kumadalira mtundu wa mota. Kabuku kake kamapereka nambala ya mkono, mwina 30, mwina 35 kapena 40, ndipo pa nambalayo mumachotsapo declination (kaweramidwe kakang'ono koti dishi iloze pa uta uja), yomwe ku Lilongwe ndi pafupifupi madigiri 2.5. Mkono ukakhala wa 30, dishi ikhale cha pa 27.5. LNB musaipotoze ngati momwe amachitira pa dishi wamba. Ikhale yowongoka pa 0, chifukwa mota ikamatembenuka imaipotoza yokha.

Nyamulani awiri, vekani pa paipi, kuloza kumpoto. Mabawuti a pa paipi angogwira pang'ono kuti muzitha kuzungulitsa zonse ndi manja. Samalani ndi mawaya a ESCOM olowa m'nyumba.

Chachinayi: mawaya ndi risiva

Zimitsani risiva pa soketi musanalumikize. Waya wamfupi achoke pa LNB kupita pa mota pomwe palembedwa LNB, ndipo mumusiyire mpata woti dishi ikafika kumapeto asakokeke. Wamtali achoke pa REC kupita ku risiva. Magetsi oyendetsa mota amadutsa m'waya yemweyu, choncho waya wotchipa kapena wolumikizalumikiza amaifooketsa.

Tulutsani TV yaing'ono ndi risiva pakhonde kuti muziona nokha. Zokuwirana ndi munthu wa m'nyumba kuti "yabwera? yapita?" zimangoyambanitsa. Mu menyu sankhani LNB ya 9750/10600, mota ikhale pa USALS, lembani latitude 14.0 South ndi longitude 33.8 East. Marisiva ambiri amabwera ali pa North, ndipo mukaiwala kusintha dishi imatembenukira kolakwika.

Chachisanu: kusaka sigino

Kampasi ya pafoni imasokonezeka pafupi ndi malata, ndiye ingokuthandizani kudziwa mbali. Njira yodalirika ndi iyi: sankhani 36°E, lembani frequency yomwe ikugwira ntchito panopa (pa webusayiti ya LyngSat amazilemba), lamulani mota ipite. Idzangosuntha pang'ono chifukwa satelayitiyi ili pafupi kwambiri ndi kumpoto kwathu. Tsopano gwirani mota ndi manja awiri, osati m'mphepete mwa dishi, muzizungulitsa zonse pa paipi pang'onopang'ono, mukuima masekondi angapo. Yang'anani mzere wa quality, osati wa strength; wa strength umakwera ngakhale dishi italoza khoma. Ngakhale tchanelo itakhala yokiyidwa, quality imaonekabe. Ikabwera, kwezani kapena tsitsani dishi pa bulaketi yake mpaka nambala isiye kukwera.

Tumizani mota ku 68.5°E, kenako ku 5°E kapena 7°E. Paliponse pindani dishi ndi chala pang'ono, m'mwamba ndi pansi, muone komwe quality ikukwerera. Ngati mbali imodzi ikufuna kukwera ina ikufuna kutsika, kumpoto simunakupeze: zungulitsani mota pa paipi pang'ono kwambiri. Zikakanikabe, bwererani ndi levulo pa paipi. Ngati mbali zonse ziwiri zikufuna zofanana, vuto lili pa latitude, ndipo mukaisintha bwererani ku 36°E mukakonzenso dishi. Mudzazungulira katatu kapena kanayi, n'chimodzimodzi kwa aliyense. Pomanga mabawuti komaliza, mangani mosinthanasinthana maso ali pa TV, chifukwa bawuti imodzi ikamangidwa yokha imakoka mota.

Mvula isanabwere

Kulungani ma F-connector onse ndi tepi yosalowa madzi, ndipo waya asanalowe pakhoma mumupinde cholozera pansi kuti madzi azidonthera panja. Lumikizani paipi ku chitsulo cha earth, koma ziphaliwali za mu Disembala ndi Januwale zikayamba, zulani waya kumbuyo kwa risiva. Mvula yamphamvu ikamagwa chithunzi chimaduka kwa kanthawi; musakwere kukagwira dishi, chibwera chokha.

Pomaliza tengani penti kapena maka, jambulani mzere umodzi kuchokera pa bulaketi ya mota kutsikira pa paipi, wina pa bulaketi ya dishi. Tsiku lina matchanelo onse akadzasowa pamodzi, yambani mwalamula mota ibwerere pa 0 kudzera mu menyu, kenako mukayang'ane ngati mizere ija ikadali yolunjikana.