Mukakwera Domboshava, samalani ndi mbale ya chakudya

Anzanga amene mumakwera Domboshava kapena Ngomakurira, mapiri amiyala a kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, Loweruka lililonse koma mimba osaphwa, vuto nthawi zambiri limakhala pa mbale. Munthu wolemera makilogalamu 70 akakwera phiri kwa ola limodzi amawotcha ma calorie apakati pa 400 ndi 500. Botolo limodzi la Coca-Cola la 500 ml lili ndi oposa 200. Mukaonjezera mitanda itatu ya nsima ndi nyama yowotcha kwa Mereki (malo otchuka owotchera nyama ku Harare) pobwerera, thukuta lonse lija lapita pachabe.

Komatu musapite ndi njala, mudzachita chizungulire pathanthwe. Idyani phala kapena mbatata musananyamuke, mutenge madzi okwanira, nthochi ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Yambani dzuwa lisanakwere, chifukwa mwala uja umatentha msanga, makamaka mu Okutobala. Mukatsika, mtanda umodzi ndi wokwanira, ndiwo zamasamba zichuluke, nyemba kapena nkhuku pambali.

Lolemba mpaka Lachisanu, ngati mumangokhala pampando kuntchito, chepetsaniko nsima yamadzulo. Muziyendanso ndawala mphindi 30 tsiku lililonse, kaya ku Mukuvisi Woodlands, kankhalango ka mumzinda wa Harare, kaya m'misewu ya kwanu konko.