Momwe mungalumikizire ndandanda ya zochitika ndi Google Sheets

Amene munayendetsapo bonanza ya mpira kuno ku Kasungu mukudziwa mmene zimakhalira. Mlembi walemba pulogalamu papepala, wajambula, waponya pa gulupu ya WhatsApp, mawa lake gemu ya ku Santhe yasunthidwa poti kwagwa maliro, waponyanso ina, mapeto ake aliyense ali ndi yakeyake. Ife chaka chatha timu ina inachita kuhaya lole kuchokera ku Chinkhoma kukangopeza pagalaundi pali zii, mbuzi zokha.

Ndiye tinasamukira pa Google Sheets, pulogalamu ya Google yolembera matebulo pa intaneti, ndi yaulere bola muli ndi Gmail.

Tsegulani sheet yatsopano, mzere woyamba mulembe mitu iyi m'Chingerezi ndendende: Subject, Start Date, Start Time, End Time, Location. Musayimasulire ayi, chifukwa kutsogoloku Google Calendar imangomva mawu amenewa. Pansi pake gemu iliyonse mzere wake.

Pa deti apa ndi pomwe ambiri timagwera. Ife tinazolowera kuyamba tsiku kenako mwezi, koma mu fayilo yopita ku kalendala yambani mwezi, ndiye 3 Epulo ikhale 04/03/2026, mukatembenuza gemu yanu ikapezeka pa 4 Malichi anthu n'kuyamba kukuimbirani usiku. Lowaninso pa File, Settings, muone kuti nthawi ili pa GMT+2 yathu ino.

Mukamaliza dinani Share, musankhe "Anyone with the link" koma akhale Viewer. Editor mupatse anthu awiri basi, mlembi ndi apampando, mukapatsa gulupu yonse wina adzasintha nthawi ya gemu yake kuti apite kaye kumunda. Link ija ikani pa description ya gulupu. Mukasintha kanthu mu sheet, aliyense akatsegula akuona zatsopano pompo, palibenso zojambula.

Ngati mu sheet yanu mulinso manambala a anthu ndi za ndalama, musagawe imeneyo. Pangani ina, mu A1 (kabokosi koyamba pamwamba kumanzere) mulembe =IMPORTRANGE("link ya sheet yoyamba","Sheet1!A:E") kenako dinani Allow access. Iyi izingokoka yokha ma column asanu aja, zinazo zitsala kwanu.

Tsopano kalendala. Dinani File, Download, musankhe .csv, mukatero tsegulani Google Calendar, Settings, Import & export, ikani fayilo ija. Izi zimafuna kompyuta, pa app ya mufoni simuzipeza, ndiye ngati mulibe laputopu pitani pa kafe ya intaneti paboma, sizitenga mphindi khumi magetsi akakhalapo.

Koma ndinene zoona, ichi ndi kukopera chabe. Mukadzasintha sheet kalendala siitsatira, ndipo mukalowetsanso fayilo kachiwiri gemu iliyonse ioneka kawiri. Ine ndimapanga kalendala yapadera ya bonanza yokha, zikasintha zambiri ndimaifufuta yonse n'kulowetsa yatsopano. Kuti ziziyenda zokha pamafunika Apps Script kapena Zapier, zida zolumikizira mapulogalamu, koma pa magemu 20 ndi kudzivutitsa.

Wina akasokoneza, File, Version history ikuonetsani amene wagwira ndi nthawi yake, n'kubwezeretsa zakale. Ndipo musananyamuke kupita kumudzi komwe netiweki imachita kufuna pachulu, tsegulani sheet pafoni mudine "Available offline".