Momwe mungapangire loshoni ndi emulsifier yochokera ku shuga

Madzi ndi mafuta sagwirizana, koma mu loshoni amakhala pamodzi chifukwa cha emulsifier. Ya mtundu wa shuga imapangidwa polumikiza shuga ndi mafuta a zomera, ndiye mbali yake imodzi imagwira madzi, inayo imamira m'mafuta. Mitundu ilipo ingapo. Sucrose stearate amachokera ku shuga wathu yemweyu, ndipo gulu lake limaloledwa ngakhale m'zakudya pa nambala ya E473. Polysorbate 80 amachokera ku sorbitol ndipo amapezeka m'mankhwala ena obaya ndi mu katemera wina. Ine ndimakonda cetearyl glucoside wosakaniza ndi cetearyl alcohol, amene kampani ya Seppic imagulitsa pa dzina la Montanov 68. Sawawa pakhungu, ndipo safuna masamu ambiri a HLB, muyeso wosonyeza ngati emulsifier imakonda kwambiri madzi kapena mafuta, umene anayambitsa William Griffin mu 1949.

Pa magalamu 100 a loshoni, mbali ya madzi ikhale ndi madzi a distilled magalamu 71.7, glycerin 4 ndi xanthan gum (ufa wolimbitsa madzi) 0.3. Mbali ya mafuta ikhale ndi mafuta a mpendadzuwa 15, shea butter 3 ndi emulsifier ya Montanov 68 ija 5. Galamu imodzi yotsalayo ndi ya preservative, mankhwala oteteza loshoni kuti asawonongeke. Yesani zonse pa sikelo yowerenga mpaka 0.1, za masipuni ziiwaleni.

Mawu pang'ono pa zogula. Emulsifier imeneyi ndi yokwera mtengo kuposa emulsifying wax wamba, ndiye ogulitsa ena a pa intaneti amathira wax wotchipayo m'kathumba n'kulembapo kuti ndi wa shuga. Ndi maso simungasiyanitse, zonse ndi timibulu toyera. Funsani wogulitsayo dzina la INCI (dzina lovomerezeka la chosakanizira m'zodzoladzola), nambala ya batch ndi pepala la COA losonyeza zotsatira za kupimidwa kwake. Akayamba kuzungulirazungulira, musiyeni. 

Yambani ndi xanthan gum. Mutakaseni mu glycerin kaye asanaone madzi, apo ayi amaundana timibulu tosasungunuka. Kenako thirani madzi aja. Za mbali ya mafuta ziikeni m'chiwiya china, ndipo ziwiya zonse ziwiri muzikhazike m'poto wa madzi otentha mpaka zifike madigiri 75 kapena 80 a Celsius.

Tsopano pamene pagona nkhani. Apa ndi pamene loshoni ananditembenukira nthawi ina, moti ndimapasamala kuposa pena paliponse. Mbali ya mafuta ndi yochepa, imatentha msanga, imaziziranso msanga. Mukaiphula n'kumadikira kuti madzi afike pa kutentha koyenera, cetearyl alcohol amayamba kugwirana m'mphepete mwa chiwiya, mumaona kamzere koyera kozungulira pamwamba pa mafuta. Mukasakaniza zili choncho, tsiku loyamba loshoni amaoneka bwinobwino. Pakapita masiku, mukamupaka kuseri kwa dzanja mumamva timchenga, ndipo pansi pa botolo pamadikha madzi. Ndiye mbali zonse ziwiri zikhale pamoto mpaka nthawi yothira, ndipo muzipime ndi themometa chiwiya chilichonse pachokha. Kukhudza ndi chala si kupima.

Thirani mafuta m'madzi pang'onopang'ono, blenda ya m'manja ikuzungulira mwamphamvu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mutu wa blenda ukhale womira, ukatuluka umakoka mpweya n'kudzaza thovu. Zikayera ngati mkaka, zimitsani blenda ndipo musaibwerezenso. Ambiri amalakwa pamenepa poganiza kuti kumenya kwambiri ndiko kulimbitsa. Emulsifier ya shuga ikamazizira imayala timagawo topyapyala mozungulira kadontho kalikonse ka mafuta, madzi n'kutsekeredwa pakati pa timagawoto. Ndi timeneti timapatsa loshoni thupi ndi kusunga chinyezi pakhungu. Blenda ikamazungulira zinthu zitayamba kuzizira imatiphwanya, loshoni n'kukhala wamadzimadzi. Tengani supuni yoyera kapena spatula, muzitakasa mofatsa osalekeza.

Ena amamiza chiwiya m'madzi a ayezi kuti athane nazo msanga. Ine sindivomereza, timagawo tija timafuna nthawi kuti tiyalane. Madzi ozizira wamba akwanira ngati mwatopa kudikira.

Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 40, thirani preservative. Phenoxyethanol wosakaniza ndi ethylhexylglycerin amagwira bwino, ndipo malamulo a European Union salola phenoxyethanol kupitirira 1 peresenti. Musadumphe sitepe imeneyi pofuna kuti zonse zikhale zachilengedwe, pamene pali madzi nkhungu ndi mabakiteriya zimamera, ndipo vitamin E sateteza ku zimenezo. Perefyumu ngati mukumufuna alowe nthawi yomweyi, madontho ochepa.

Pimani pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi, ikhale pakati pa 5 ndi 5.5. Ikakwera, kadontho ka citric acid wosungunula m'madzi kaitsitsa. Thirani loshoni m'botolo lotsukidwa ndi spiriti, lembanipo tsiku. Loshoni amalimba bwino pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndiye musafulumire kumuweruza. Mukadzola n'kuona akuyeretsa khungu ngati sopo asanalowe, ulendo wina chepetsani xanthan gum kufika pa 0.2 ndipo emulsifier ikhale magalamu 4.